Nyanja ya Basela

Mu Tete muno, kuyambira kwathu ku Chingodzi mpaka kutsidya kwa mlatho, palibe munthu amene angaime n'kunena kuti anandidyapo pa malonda. Sindikudzitama ayi, ndikungonena zimene msika wonse ukudziwa. Ndinatsika kuchoka ku Angonia ndili ndi matumba awiri a kachewere ndi pakamwa pangapa, ndipo pa ziwirizi chimene chandidyetsa kwambiri ndi pakamwa.

Nzeru yake si yovuta. Chinthu ukachifuna, usachiyang'ane. Ukachiyang'ana, mwini wake waona, mtengo wakwera. Uyang'ane china chapambali, uchinyoze pang'ono, ufunse mtengo wa chimene ukufunacho ngati ukufunsira munthu wina amene sumukonda, kenako utembenuke uzipita. Mapazi atatu, akachuluka anayi, umva kumbuyo akukuitana kuti mano, ndiye kuti achimwene: "Bwerani, mano, tikambirane." Woitana ndiye wagonja. Ndipo malonda akatha, ine sindichoka popanda basela. Ndikagula singano ndimafunsa ulusi. Tsiku lina ndinakazulitsa dzino, ndipo atamaliza ndinachita kudzigwira pakamwa ndekha, chifukwa mawu a basela anali atafika kale palilime.

Chaka chimene ndikunenachi, konjeladori, filiji youmitsa madzi ya akazi anga, inafa mu Otubru. Iwo amagulitsa jelu pakhomo, madzi a malambe oumitsa m'timapepala ta pulasitiki, ndipo amene anakhalapo ku Tete mwezi umenewo akudziwa kuti konjeladori ikafa mu Otubru ndi maliro enieni. Ndinamva kuti dalaivala wina wa ku Malawi, bambo wa ku Mulanje woyendetsa kamyau, lole ya katundu, kuchoka ku Joni, ali ndi ina yogwirapo kale ntchito. Ndinamupeza pamene amapumira madalaivala, m'mbali mwa msewu wopita ku Zobwe. Ndinayang'ana matayala ake, ndinayang'ana njinga imene anamangirira pamwamba, konjeladoriyo ndinangoikhudza ndi chigongono ngati yanditchinga njira. Tinakokana kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wonse unakalowa pansi pa galimoto. Ndinachoka kawiri, anandiitana kawiri. Pomaliza anapukuta thukuta ndi chipewa n'kuvomera.

"Nanga basela?" ndinatero.

"Achimwene, mwandimeta kale mpala wopanda madzi. Mukufunanso chiyani? Tayala?"

"Ndi mwambo chabe, mano. Chilichonse."

Anakwera kutsogolo, anafufuza kuseri kwa mpando, n'kutsika ndi kabokosi kakuda kafumbi, zingwe zopiringizana, ndi tinthu tiwiri ta mabatani togwira m'manja, timene kuno timati komandu. Anati ana a bwana wina ku Joni anatopa nako, mkati muli jogu imodzi yokha yosewera, ndikangolumikiza ku televizau. "Tengani, ndipo mukadzandiona pamsewu musadzandiimike." Ndinabwerera kunyumba pambuyo pa ngolo ndikuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, amatero akuluakulu, koma ine tsiku limenelo ndinkaganiza kuti wamalondayo ndine.

Konjeladori itayamba kung'ung'udza pakona, ndinalumikiza kabokosi kaja. Pa televizau panatuluka chilumba. Mchenga woyera ngati mchere wa m'sitolo, mitengo ya koko yopendekeka ngati yamwako, madzi obiriwira oti nsomba ukuiona ili pansi. Pamchengapo anamangapo ukonde, ndipo atsikana anayi, awiri uku awiri uko, ankamenyerana mpira pamwamba pake kuti usagwere kwawo. Ukadina batani, mmodzi amalumpha. Kunja kwathu mbuzi zinali zitadziphatika kukhoma kufuna mthunzi, malata akulira ndi kutentha, koma m'menemo munkaomba kamphepo.

Akazi anga anaima pakhomo la kukhitchini ndi beseni la malambe.

"Ana a eniakewa nsalu inawathera?"

"Ndi zovala za kunyanja, mayi. Ali pa feriya, patchuthi."

Mawu amenewo ndikanawameza. Pamene ndinkawafunsira ku Ulongwe, ndili ndi malaya abwino amodzi okha, ndinawalonjeza kuti ndidzawatenga kukaona nyanja ya mchere ku Beira. Mwamuna wofunsira amalonjeza zambiri. Anzanga analonjeza ng'ombe ndi nyumba za malata, akazi awo anaiwala. Anga sanaiwale. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinakhala ndikulitsitsa lonjezolo ngati mtengo wa tomato wa dzulo. Mvula ikatha. Ana akakulako. Kachewere akakwera. Chaka china ndinawatengera pa mlatho wa Zambezi, tinaima pakati penipeni, ndinawauza kuti madzi ndi amodzi, kusiyana kwake ndi mchere basi, ndipo mchere kunyumba ulipo. Sanandiyankhule masiku awiri.

"Dezembru uno," anatero, osakweza mawu. "Ana adzakhala kwa agogo awo. Ndalama zimene mukusunga ndikudziwa pamene zili. Dezembru uno tipita."

Ndalamazo zinali za mota, njinga yamoto. Ndinali nditaiona kale, yofiira, yoti ndizinyamulira matumba m'malo modikira a ngolo tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake ndinali nditamufewetsa miyezi iwiri posaiyang'ana. Zonse ziwiri sizikanatheka. Kapena mota, kapena Beira.

"Mayi, taonani, nyanja yabwera yokha pakhomo. Yopanda basi, yopanda udzudzu."

Sanacheukire n'komwe ku televizau. Sabata yonse ankasesa mozungulira kabokosiko ngati pagona chitosi, n'kumakatchula kuti "zidole zanu". Ndinawerenga nkhope yawo monga ndimawerengera nkhope za ogula, n'kupeza kuti apa pali munthu amene sakudziwa kanthu ndipo sakufuna kudziwa. Pamenepo m'pamene nzeru inandifikira.

"Tiyeni tichite chonchi," ndinawauza. "Dumingu lomaliza la Novembru, tikachoka kutchalitchi, tisewere, inu ndi ine. Mukapambana, Beira. Ndikapambana, mota, ndipo nkhani ya nyanja tiikwirire."

"Ine za ana sindizidziwa," anatero, n'kutembenuka kulowera kukhitchini.

"Bwerani, mayi, tikambirane."

Ndinawamva mawuwo akutuluka m'kamwa mwanga, ndipo sanandikumbutse chilichonse.

"Ndikupatsani mapontu asanu aulere tisanayambe."

Anapitirira mpaka pachitseko.

"Ndiponso masana ine ndili kumsika mukhoza kumayeserera."

Anaima, anapumira m'mwamba ngati munthu wokakamizidwa mankhwala owawa. "Poti mwaumirira. Koma pakhale mboni."

Mboni inali akumadre athu, mayi wa Chinyungwe wa nyumba yoyandikana nafe, amene anatigwirira mwana woyamba pa ubatizo ndipo sanaiwalepo mawu amene munthu ananena. Anamvetsera panganolo, anandibwerezetsa kawiri, n'kupita.

Jogu imeneyi ili ndi makhalidwe ake. Aliyense amatsegula feriya yakeyake pachilumbapo n'kusankha mtsikana woti azimuyendetsa. Wachiwiri, wosewera naye, amayenda yekha, ndipo umachita kumupempha. Ine ndinapeza wamtali, wa tsitsi lomangira kumbuyo, amene akamenya mpira mchenga unkachita kufuka. Ndi iyeyo ndinapambana kasanu motsatizana, ine ndikungodina mabatani chisawawa. Ukapambana amakupatsa ndalama za momwemo, ndipo pachilumbapo pali loja, kasitolo. Tsiku lachitatu wamtali uja anayamba kumaima pafupi ndi lojayo, pamwamba pa mutu wake pakuoneka kachithunzi ka chipewa cha mlaza. Ndinamva. Ndakhala m'banja.

Ndinalowa. Kuseri kwa tebulo kunali mayi womwetulira. Chipewa chinalipo, mtengo wake wolembedwa pansi, wokwera zoti kumsika kwathu anthu akanaitanizana kudzaona. Sindinachiyang'ane. Ndinayang'ana magalasi, ndinayang'ana mafuta odzola, ndinadutsa pachipewapo ngati mwangozi, n'kutuluka. Mapazi atatu. Anayi. Ndinayenda mpaka kumadzi. Zii. Nditabwerera, mayi uja anali akumwetulirabe, mtengo uli pomwe unali.

Ndinati uyu ndi wouma mtima chabe, ndipo ouma mtima ndawaonapo. Mawa lake ndinapitako dzuwa la m'jogumo likulowa, nthawi imene wogulitsa aliyense amafewa. Mtengo womwewo. Ndinalowa ndi kutuluka kakhumi kuti atope. Ndinaima pakhomo pake nditamufulatira, ndikuyang'ana kunyanja ngati ndili ndi kwina kogula, ngakhale kuti pachilumba chonsecho loja inali yomweyo. Ndinafika poyankhula naye mokweza, m'Chinyanja, kenako m'Chipwitikizi, kumuuza kuti chipewa chonga chimenecho ku Tsangano amavala oweta ng'ombe. Akazi anga ankangodutsa ndi timapepala ta jelu. Masabata awiri amene ndikanaphunzira kulumpha ndi kutchinga mpira ndinathera pakhomo la loja, kulowa, kutuluka. Kunena zoona, mayi ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero. Akanakhala wa kuno ndikanamuika pa benchi langa.

Pomaliza ndinagula chotsika mtengo koposa m'loja monsemo, kalabala komangira tsitsi, n'kumutumizira wamtali uja. Kutacha pachilumbapo ndinadzuka ndekha. Panali kalata ya Chingelezi. Ndinaijambula pa foni n'kutumizira dalaivala wa ku Mulanje uja. Anayankha ndi mawu ojambula, theka lake kuseka ndi kutsokomola, injini ikulira kumbuyo.

"Achimwene, akuti zikomo kwambiri chifukwa cha labala, koma apeza wina wosewera naye. Inu mwaumira mpaka chidole chakuthawani!"

Amene anavomera kusewera nane pambuyo pake anali wamfupi wina waulemu kwambiri, amene mpira ukamabwera ankayamba wagwa kenako n'kupepesa.

Zizindikiro zinalipo, sindikana. Komandu yachiwiri inkamata m'manja ndipo inkanunkhira malambe. Ndinati ndi kutentha. Magetsi ankatha msanga. Ndinati ndi konjeladori, mpaka ndinakonza mawu okamudandaulira dalaivala. Tsiku lina ndinaweruka msanga n'kupeza ogula atatu ataunjikana pawindo akufuula, "Menyani, mayi! Menyani!" Nditalowa, televizau inali yozima, akazi anga ali phee akumanga timapepala. Ndinaganiza kuti m'nyumba munalowa khoswe.

Dumingu lija titachoka kutchalitchi, akumadre anabwera ndi mpando wawo n'kuukhazika pakati pa chitseko. Pawindo panadzaza mitu. Akazi anga anakhala pamkeka, anakonza kapulana, chitenje chawo, anatsegula feriya yawo. Pambali pa mtsikana wawo panaima wamtali wanga uja. Atavala chipewa. Ndi magalasi omwe, ndi maluwa m'khosi.

"Chipewacho munagula bwanji?"

"Pa mtengo wake."

"Osatsitsako?"

"Bambo, ndalama za mu televizau mukazisunga mugulira mota?"

Pawindo anthu anaseka mpaka wina anatsamwa jelu.

"Kumpadre, asanu aja musaiwale," anatero akumadre.

"Awerengereni iwowo," anatero akazi anga. "Awafuna."

Za masewerawo sindichulutsa. Ndinamva tsiku lomwelo kuti akazi anga ankasewera mpira umenewu, weniweni, ali kusukulu ya masisitere. Zaka zonsezi sindinafunsepo. Zala zawo, zimene zimamanga timapepala tsiku lonse, zinkayenda pa mabatani iwo osayang'anapo. Wamtali ankalumpha, phaa! Wamfupi wanga ankagwa n'kupepesa. Ndinapeza mapontu atatu, limodzi chifukwa wogula wina anafuna jelu ndipo akazi anga anasewera ndi dzanja limodzi, linalo likubweza troku, ndalama zotsala za wogulayo, pawindo. Kuphatikiza ndi asanu ondipatsa aja, akumadre analengeza kinze kwa oitu, khumi ndi asanu kwa asanu ndi atatu, mokweza, kuti a kumsewu amve.

"Amenewo anali oyeserera," ndinatero. "Enieni ndi atatu, wopambana awiri."

"Chabwino."

Kumsika munthu akavomera msanga chotero, dziwa kuti wagula chowola. Achiwiri anatha mofulumira kuposa oyamba.

Ndinatsala ndi chida chimodzi. Ndinaika komandu pansi, ndinanena kuti jogu yonseyi ndi yachinyengo ndipo pangano lotere silimanga munthu, ndinadumpha miyendo ya akumadre n'kutuluka. Mapazi atatu. Anayi. Ndinakafika pamtengo wa nimu, dzuwa la Novembru likundiboola paliwombo, n'kuima kudikira. M'nyumba munkamveka kanyimbo ka pachilumba. Akazi anga anali atayamba masewera ena, akuphunzitsa akumadre. Patapita nthawi ndithu ndinamva mawu.

"Kumpadre!"

Mtima unakhala pansi. Ndinacheuka pang'onopang'ono, monga mwa mwambo.

"Poti muli panja, tsekani geti, mbuzi zingalowe."

Tinapita sabata yachiwiri ya Dezembru. Basi inanyamuka m'mamawa, tinakafika thupi lonse lili ngati thumba lochita kuponyedwa kuchokera pa kamyau. Kutacha ndinawatsogolera kunyanja, ine ndili ndi nkhope ya munthu wopita kukalipira mlandu.

Nyanja ya ku Beira si ya mu televizau. Tsiku limenelo madzi ake anali ngati tiyi wamkaka, mphepo ikununkha nsomba ndi kukuthira mchenga m'mano. Akazi anga anavula nsapato, anakwezako kapulana, anaviika phazi limodzi. Anayang'ana kumanzere, kumanja, kutsogolo.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Zobiriwira zija zili mbali iti?"

"Mwina ku dziko lina, mayi."

Anabwerera kukakhala pamthunzi. Mutu unayamba kuwapweteka. Anatulutsa foni kuimbira akumadre, kufunsa ngati konjeladori ikulira bwino ndiponso ngati ogula awo sanayambe kupita kwa mayi wa kuseri.

Ine ndinaganiza motere: mota yapita, ndiye kuti chinthuchi ndachigula, ndipo chimene ndagula ndimachigwiritsa ntchito mpaka chithe. Ndinapinda buluku kufika m'mawondo n'kulowa, mokwiya. Funde loyamba linandinyowetsa m'chiuno. Lachiwiri linandinyamula, munthu wamkulu wa ana atatu, kundizunguza ngati kachewere m'beseni, n'kukanditaya pamchenga miyendo ili m'mwamba, mchere m'mphuno. Ndinadzuka ndikumva munthu akuseka mokweza, ndipo nditayang'ana uku ndi uku ndinapeza kuti ndine. Ndinalowanso. Ndinatuluka dzuwa litapendeka, zala zitakwinyika, ndisanaganizepo za mtengo wa chinthu chilichonse kuyambira m'mawa. Zimenezi zinali zisanandichitikirepo chitsikire kuchoka ku Angonia.

Tsiku lachiwiri masana akazi anga anali atamanga kale chikwama.

"Ndaiona. Tiyeni kwathu."

"Mayi, tsiku limodzi lokha."

"Malambe anga akuonongeka."

"Limodzi. Ndikugwadireni?"

Anandiyang'ana, madzi akudontha m'makutu mwanga.

"Limodzi."

Ndinathamangira kwa mwini nyumba ya alendo. Anatchula mtengo wa tsiku linalo, ndipo ine ndinapereka. Pomwepo, wonse, ndi zikomo pamwamba. Bamboyo, amene pofika ndinamuumitsa kukhosi ola lathunthu, anandifunsa ngati ndili bwino.

Pobwerera, akazi anga anagona tulo tabwino basi isanatuluke n'komwe mu Beira, ngati munthu amene watula katundu. Mota yofiira ija inagulidwa ndi wina. Imandidutsa m'mawa ine ndili pambuyo pa ngolo, ndipo mwini wake amandiimbira belu. Akazi anga analandira chimene anadikira zaka zonsezo, anachiviika phazi limodzi, ndipo sachitchulanso. Ine ndinagonja pamaso pa anthu a pawindo, khungu la m'mapewa linasupuka, ndipo mpaka lero ndikamakweza matumba nthawi zina ndimangoima, thupi likukumbuka mmene madzi aja anandinyamulira. Anzanga kumsika amati ndinadyedwa. Inu mwamva zonse, sindinabise kanthu. Pamenepa anapambana ndani?